Makina a mbuliwuli kapena poto wathu yemweyu?

Mbuliwuli kuno kwathu ndi chakudya cha pamsewu. Timazigula pageti pa sukulu, pa siteji ya minibasi, kapena kwa mnyamata amene amayenda nazo m'beseni zitamangidwa m'timajumbo ting'onoting'ono. Palibe amazilemba pa bajeti ya mwezi pamodzi ndi ufa, sopo ndi mayunitsi a magetsi. Ndiye munthu ukanena kuti ukufuna kugula makina opangira mbuliwuli kunyumba, anthu amakuyang'ana ngati wayamba matama a kumayadi. Mayi anga nditawauza pafoni anangofunsa kuti, "Nanga mapoto onse aja atha?"

Ine ndimakhala kwa achemwali anga ku Area 25 ku Lilongwe, pamodzi ndi alamu ndi ana awo awiri, wina wa sitandade 5, wina wa sitandade 2. Aliyense amene anakhalapo kwa m'bale wake atamaliza sukulu ya ukachenjede akuudziwa mtima womwe ndinali nawo. Zaka ziwiri ukudya nsima ya eni, ukutchaja foni pa magetsi a eni, ndipo eniakewo sakudandaula ngakhale tsiku limodzi. Ntchito yolembalemba itayamba kubweretsa kangachepe, ndinafuna kugula chinthu chimodzi cha m'nyumba chomwe banja lonse lingagwiritse ntchito. Ndalama zake zinali zongokwanira kugula kamodzi. Chinthucho chikanakhala chachabechabe, panalibe zobwereranso kusitolo mwezi umenewo kapena wotsatira.

Mbuliwuli zinalowa m'nkhaniyi chifukwa cha ana, omwe m'mawa uliwonse amapempha ndalama yogulira kajumbo kusukulu, komanso chifukwa cha achemwali. Iwo anauzidwa kuchipatala kuti BP yawo yakwera, achepetse mchere ndi zamafuta. Koma madzulo akakhala pa TV m'kamwa simufuna kukhala chete, ndipo zomwe zimapezeka pafupi ndi tchipisi cha pachiwaya ndi mandasi. Nditangotchula za makina, iwo anawonjezerapo yawo: "Achimwene, mukagula makinawo tizigulitsanso pageti pano. Ana a sukulu amadutsa pompano." Basi, kachipangizo kamodzi kanapatsidwa ntchito zitatu tsiku lomwelo, kasanagulidwe n'komwe.

Ndinayamba ndi kufuna kumvetsa chomwe chimachitika njere ikamaphulika, chifukwa makina onsewa, otchipa ndi odula omwe, ntchito yake ndi imodzi yomweyo. Njere ya chimanga cha mbuliwuli ili ndi khungu lolimba losalola mpweya kutuluka, ndipo m'kati mwake muli ufa ndi kachinyezi pang'ono, pafupifupi magawo 14 pa 100 aliwonse. Ikatenthedwa, madzi aja amasanduka nthunzi koma alibe potulukira. Ufa wa m'kati umafewa ngati phala, mphamvu ya nthunzi imakwererakwerera, ndipo kutentha kukafika cha m'ma 180°C khungu lija limang'ambika mwadzidzidzi. Phala lija limafufuma n'kuuma nthawi yomweyo, ndiye choyera chomwe timadyacho. Chimanga chathu cha nsima khungu lake silisunga nthunzi chotero. N'chifukwa chake tikachikazinga pa phale timapeza chiwaya, njere zongosweka pang'ono, zofuna mano a munthu wachinyamata.

Izi zikutanthauza kuti theka la nkhani lili pa chimanga, osati pa makina. Njere zikauma kwambiri chifukwa chokhalitsa m'pepala lotsegula, ngakhale makina akhale a mtengo wotani zambiri zimangopserera pansi osaphulika. Zimafuna kusungidwa m'botolo lotsekeka bwino, kutali ndi dzuwa. Ndipo chonde, mbewu yobzala ija yopakidwa mankhwala ofiira kapena obiriwira si yakudya, ngakhale itakhala ya mtundu wa mbuliwuli. Ndikunena izi chifukwa nyengo ya dzinja ikayandikira mapaketi a mbewu amakhala paliponse m'nyumba, ndipo ana salekanitsa.

Panjira pofufuza ndinakumananso ndi mbiri yake, yomwe inandisangalatsa kuposa momwe ndinkayembekezera. Ku Peru akatswiri anapeza zotsalira zosonyeza kuti anthu ankaphulitsa chimanga zaka pafupifupi 6,700 zapitazo. Makina ogulitsira mbuliwuli anayamba ndi Charles Cretors wa ku Chicago m'zaka za m'ma 1880, ndipo mu 1893 anakaonetsa ngolo yake yoyendera nthunzi pa chionetsero chachikulu mumzinda womwewo. Makina a galasi aja timawaona pakhomo pa masitolo m'tauni ndi zidzukulu za ngolo imeneyo. Choncho kwa zaka masauzande anthu ankangogwiritsa ntchito moto ndi mbiya. Mayi anga akanamva izi akanati ndi zomwe amanena zija.

Ndiye tiyambe ndi poto, poti ndi amene akupikisana ndi makina onse. Poto wokhuthala pansi, wokhala ndi chivundikiro, amapanga mbuliwuli zabwino kwambiri ngati munthu akudziwa kachitidwe kake. Mumathira mafuta ongokwanira kunyowetsa pansi, n'kuponyamo njere zitatu. Zitatuzo zikaphulika ndiye kuti mafuta afika. Mumathira njere zotsalazo, zongoyala pansi osaunjikana, n'kuchotsa poto pamoto kwa theka la mphindi kuti zonse zitenthere limodzi, kenako n'kumubwezera. Zikayamba kuthetheka mumagwedeza poto pafupipafupi, chivundikiro chili chotsegula pang'ono pokha kuti nthunzi izituluka, apo ayi mbuliwuli zimatuluka zonyowa, zotafunika ngati chingamu. Mukamva kuti papita masekondi awiri kapena atatu pakati pa kuphulika kumodzi ndi kwina, phulani msanga. Poto amagwira pa mbaula, pa gasi, pa hotipuleti, ngakhale pa mafuwa atatu kumudzi. Magetsi azime asazime, iye alibe nazo.

Vuto la poto m'nyumba mwathu linali pawiri. Amafuna mafuta, ndipo amafuna munthu wamkulu. Mwana wa sitandade 2 simungamusiyire mafuta otentha pa mbaula. Komanso mapoto athu ambiri ndi opyapyala aja, omwe pa makala amatentha malo amodzi, ndiye pansi pamapserera pamwamba pasanayambe n'komwe. Fungo la mbuliwuli zopserera limakhala m'nyumba mpaka mawa, limalowa ndi m'makatani momwe.

Pali poto wina wopangidwira mbuliwuli basi, wokhala ndi chogwirira chopukusa pa chivundikiro, chomwe chimazunguza kawaya pansi kuti njere zisakhale malo amodzi. Ku America wotchuka ndi Whirley Pop. Uyu ndinamukonda kwambiri pa zonse zomwe ndinawerenga, chifukwa amathetsa nkhani ya kupserera, safuna magetsi, ndipo ndi woyenera mbuliwuli za shuga zomwe ana amazifera, poti shuga akapanda kutakasidwa amapsa n'kumata pansi. Koma m'masitolo omwe ndinayendamo sindinamuone, ndipo kuitanitsa kunja, ukawonjezera ndalama yotumizira, kunkadutsa zomwe ndinali nazo. Amafunanso mafuta ndi moto, ndiye nkhani ya achemwali ndi ya ana ikanakhala pomwepo.

Mbale zapadera zophulitsira mu microwave sindinataye nazo nthawi. Tilibe microwave, ndipo kugula microwave chifukwa cha mbuliwuli ndi kugula ng'ombe chifukwa wapeza chingwe.

Zinatsala ndi makina a magetsi a mitundu iwiri. Oyamba ali ngati mbale yotentha yokhala ndi kamkono kozungulira pansi ndi chivundikiro chachikulu cha pulasitiki, chomwe ukachitembenuza chimasanduka beseni lodyeramo. Amagwiritsa ntchito mafuta pang'ono ndipo kakomedwe kake ndi kofanana ndi ka pa poto. Chomwe chinandibweza ndi kutsuka. Pansi pake ndi popakidwa utoto wosamata uja, ndipo m'nyumba mwathu chilichonse cha kukhitchini chimakumana ndi sitiliwulu posachedwa kapena mochedwa. Utoto umenewo ukakandika, makina atha ntchito. Mulinso kamota kozunguza kamkono kaja, ndipo chinthu chikakhala ndi zoyendayenda zambiri, zowonongeka zimachulukanso.

Achiwiri ndi a mpweya wotentha, omwe pa intaneti mudzawapeza ndi dzina loti hot air popper. M'kati mwake mulibe zambiri: waya wotenthetsa ndi kafani kouzira mpweya. Mumathira njere zouma, opanda mafuta ngakhale dontho, mpweya wotentha umazizunguza, ndipo zomwe zaphulika zimapepuka n'kuuluka kutulukira pakamwa pa makinawo kugwera m'beseni. Mphindi zitatu, zatha. Kutsuka kwake ndi kupukuta ndi kansalu kouma akazizira. Phokoso lake lili ngati la chowumitsira tsitsi ku saluni, ndiye ngati alamu akumvera nkhani za 8 koloko muyambe mwapempha.

Apa m'pomwe nkhani ya magetsi inabwera, ndipo inali ndi mbali yomwe sindinkaiganizira. Makina ambiri a mtunduwu amalembedwa mawati pafupifupi 1,200. Alamu atamva nambala imeneyi anati, "Alamu, mayunitsi athu mwawaganizira koma?" Tinawerengera limodzi pa foni. Yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 kwa ola lathunthu. Makina a mawati 1,200 akayaka mphindi zitatu amadya 0.06 ya yunitsi, kutanthauza kuti yunitsi imodzi ikhoza kuphulitsa mabeseni 16. Hotipuleti yomwe ingatenthetse poto kwa mphindi khumi imadya kuposa pamenepo. Choncho pa mita palibe choopsa. Choopsa chili pa mawaya. Mawati 1,200 pa magetsi athu a 230V ndi ma amp opitirira pang'ono 5, ndipo ka extension kotchipa kaja komwe kali kale ndi ketulo ndi ayironi kakhoza kusungunuka. Makinawa amafuna soketi ya pakhoma, okha. Ndipo amene mumadalira sola yaing'ono ndi inveta ya mawati 500 kapena 1,000 magetsi akazima, iwalani. Inveta idzangolira n'kuzima.

Palinso msampha wina kwa ife okonda zinthu za kaunjika ndi zotumiziridwa ndi abale akunja. Chipangizo chopangidwira ku America chimayendera 120V. Mukachilumikiza pa 230V ndi ka adaputa kongosintha maonekedwe a pulagi, chimapsa nthawi yomweyo, mwina ndi utsi womwe. Adaputa sasintha mphamvu ya magetsi. Tembenuzani makinawo muwerenge kapepala ka pansi: pakhale polembedwa 220–240V. Zochokera ku UK zimabwera ndi pulagi ya mano atatu yomwe timagwiritsa ntchito kuno, ndipo magetsi ake ndi ofanana ndi athu. Za ku South Africa magetsi ndi omwewo koma pulagi ndi ya mano ozungulira, ndiye pamafunika adaputa yolimba kapena kusintha pulagiyo. Pamsika wina ndinaona makina okongola ndithu, ooneka ngati atsopano, pa mtengo wotsika mokayikitsa. Pansi pake panalembedwa 120V. Wogulitsa anati, "Bwana, ndi kungoika adaputa basi." Ndinamuthokoza n'kupitirira.

Tsopano loto la achemwali la bizinesi. Apa ndinayenera kuwauza zomwe sanafune kumva. Makina a mpweya wotentha a kunyumba amalandira njere zochepa pa ulendo umodzi, kakapu kamodzi komwe kamabwera ndi makinawo, ndipo timabuku ta ambiri mwa iwo timanena kuti azipumitsidwa kwa mphindi zingapo asanayatsidwenso, chifukwa thupi lake ndi la pulasitiki ndipo kamota ka fani kamatentha. Kuti mudzaze timajumbo 50 m'mawa ana asanadutse, mungawayatse mobwerezabwereza mpaka kuwapha mwezi usanathe. Komanso mbuliwuli zogulitsa zimafuna mafuta, mchere ndi shuga, chifukwa fungo ndi lomwe limaitana kasitomala. M'makina a mpweya simuthiridwa mafuta kapena shuga ngakhale pang'ono, zimatsikira pa waya wotenthetsa n'kuyambitsa utsi kapena moto. Bizinesi imafuna makina a galasi aja okhala ndi kapoto kolendewera m'kati, a magetsi kapena a gasi, ndipo mtengo wake ndi wa msinkhu wina. Kapena poto wamkulu pa mbaula, monga amachitira amayi ambiri ogulitsa pamsika.

Achemwali anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye makina anuwo ndi a chiyani, ngati sangabweze ndalama yake?" Funso limeneli linandivuta kuposa la mayi. Kwa iwo chinthu cha m'nyumba chimayenera kubereka. Firiji imapanga mafiliziesi ogulitsa, makina osokera amasoka mayunifolomu a ana a eni. Chinthu chongodyera basi amachiona ngati chidole. Ine yankho langa linali lakuti ndalama zomwe ana amatenga m'mawa uliwonse zikaphatikizidwa pa teremu zimakhala zambiri ndithu, pomwe paketi imodzi ya njere imadzaza mabeseni angapo, poti njere ikaphulika imakula kuwirikiza ka 30 kapena kupitirira. Koma chifukwa chenicheni chinali BP yawo. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, komwe ndi kasupuni ka tiyi kamodzi kosadzaza bwino, kuphatikiza mchere wa m'ndiwo ndi wa m'buledi womwe. Mbuliwuli ndi chimanga chathunthu, chosakonola, gaga wake ali momwemo. Chomwe chimaziwononga ndi zomwe timathiramo. Zikapangidwa kunyumba, dzanja lothira mchere ndi lathu.

Ndinagula a mpweya wotentha, m'sitolo yopereka lisiti, ndipo ndinapempha kuti awayatse ndikuona ndisanalipire. Pa mitundu iwiri yomwe inalipo ndinasankha omwe dzenje lake lothiramo njere ndi lakuya, chifukwa losaya limalavula njere zosaphulika, zotentha ngati makala, zisanapse. Ndinayang'ananso kuti akhale ndi switchi. Ena alibe, amayaka ukangolumikiza pulagi, ndipo m'nyumba ya ana zimenezo sindinazifune. Chivundikiro chake ndinachigwiragwira kuona ngati pulasitiki yake ndi yokhuthala, poti ndi chomwe chimalandira kutentha konse.

Beseni loyamba ana analilandira ndi chisangalalo poona mbuliwuli zikuuluka, koma wamng'ono atatafuna anakwinya nkhope. "Ankolo, zikukoma ngati pepala." Sananame. Mbuliwuli za mpweya zimatuluka zouma gwa, ndipo mchere ukawaza umangotsetsereka kupita pansi pa beseni chifukwa ulibe pomata. Amene akuganiza zogula makinawa adziwiretu zimenezi, chifukwa zithunzi za pa katoni sizinena. Njira yomwe tinapeza ndi yosinja mchere mu kamtondo mpaka ukhale ngati ufa woyera, kenako kudontheza kasupuni kamodzi ka mafuta kapena majarini wosungunula pa beseni lonse zikadali zotentha, n'kupeta ngati mukupeta mpunga pa lichero. Mchere wosinja umamata bwino ndipo umamveka msanga pa lilime, ndiye wochepa chabe umakwanira. Majarini amasungunukira mu kakapu koyezera kaja mukakasiya pamwamba pa makina akamagwira ntchito. Za achemwali timapatula kaye tisanathire kalikonse, iwo amawazamo tsabola wosinja ndi timadontho ta ndimu. Alamu anayesa kuthira ufa wa nsinjiro zokazinga, ndipo zimenezo ndiye zakhazikika m'nyumba muno.

Lamulo limodzi tinaika pa ana ndi lakuti wamkulu yekha ndi amene amayatsa, pali munthu wamkulu pafupi, ndipo beseni likhale lalikulu, loikidwa pakamwa penipeni pa makina. Lina ndi la alendo. Mwana wosakwana zaka zinayi sapatsidwa mbuliwuli, chifukwa madokotala a ana amachenjeza kuti zimatha kutsamwitsa, makamaka njere zosaphulika zija zotsalira pansi. Anansi athu ali ndi kamwana ka zaka ziwiri komwe kamalowa m'nyumba mwathu ngati kwawo, ndiye beseni limakhala pamwamba pa tebulo, osati pamkeka.

Magetsi akazima Loweruka madzulo, makina amakhala pa shelefu ngati duwa, ndipo poto amabwerera pa mbaula. Mayi atabwera kudzationa mwezi watha anapeza tsiku lotero, ndipo sanalankhule kanthu, anangondiyang'ana akugwedeza poto ndi nsanza m'manja. Tsiku lotsatira magetsi alipo anaona makina akugwira ntchito, anadya, n'kufunsa ngati angathe kukazingiramo mtedza. Ndinawakaniza. Mtedza ndi wolemera, suuluka, ungangopserera m'katimo.

Achemwali bizinesi yawo anayamba ndithu, koma ndi poto wamkulu wokhuthala yemwe anagula okha, ndipo amaphulitsa pa mbaula m'mamawa ana asanadzuke. Amayesa kapu imodzi ya njere, kuwerenga timajumbo totuluka, n'kulemba m'kope pamodzi ndi mtengo wa mafuta ndi makala. Akuti akadzagawana ndalama ku banki mkhonde mu Disembala adzaona ngati zingakwane makina a galasi a gasi. Andipatsa kale ntchito yowafufuzira mitengo, ndi kufunsa ngati kapoto ka m'kati kamapezeka padera kakawonongeka.